NZERU ZATSOPANO ZIRI PAKATI PATHU: ATSOGOLERI AZITSEGULIRE KHOMO

Awa ndi mau amene anakambidwa pa msonkhano wa atsogoleri a nthambi ndi a makopaletivu a ku midzi m'Cigawo ca Kum'mawa. Tawalemba onse kuti awerengedwe pa misonkhano ya m'midzi.

 Ndithokoza kuti mwasiya makasu anu ndi kuyenda mitunda itali-itali, ena pa njinga, ena pa ngolo, ena wapansi, kudzamva mau amene ndabwera nao. Ndinene poyamba pomwe kuti sindinabwere ndi fataleza kapena nkhongole. Ndabwera ndi funso limodzi, ndipo ndipempha kuti yense aliyankhe mumtima mwake: kodi ndi liti pamene kopaletivu yanu inayesa kucita cinthu cimene sinacitepo ndi kale lonse?

Ndifunsa tero cifukwa tonse tidziwa mmene magulu athu ambiri akhalira. Kuyambira m'caka ca 2002, pamene Boma linayamba kugulitsa fataleza ndi mbeu pa mtengo wotsika kudzera m'magulu a alimi, makopaletivu aculuka m'wadi iriyonse. Koma ambiri a iwo amadzuka pa nyengo yolembetsa maina, nalandira matumba, ndipo mvula ikangokhazikika amagonanso tulo. Shedi imakhala yotseka mpaka caka camawa, ndipo buku la mlembi limadyedwa ndi ciswe. Gulu lotere liri ngati mwana wa mbalame amene angoyasama m'cisa kudikira make. Tsiku limene make adzalephera kubwera, kuyasamako sikudzamthandiza.

Masiku obvuta oterewa tawaona kale ndi maso athu. Cakumapeto kwa 2016 zinatifikira mbozi zacilendo zija zoboola cimanga kumtima, zimene makolo athu sanazidziwe. Pa 29 Febuluwale 2024 Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilala ca caka cimeneco cinali tsoka la dziko lonse, cimanga ca pa mahekitala pafupifupi 1 miliyoni mwa mahekitala 2.2 miliyoni amene anabzalidwa citapserera. Mvula yasintha, nthaka yaguga, misika nayonso yasintha. Gulu limene licita caka cino zomwe linacita caka catha, popanda kuonjeza kanthu, liri kubwerera m'mbuyo ngakhale lidziona ngati laima.

Mau anga lero ndi akuti nzeru zatsopano zimene zingapulumutse magulu athu ziri kale mwa anthu amene agwira nchito ndi manja ao, ndipo udindo wa mtsogoleri ndi kuzipatsa malo. Ndidzakuonetsani zimenezi ndi zitsanzo za m'dziko lathu lomwe lino.

PHUNZIRO LA KU CHIFUBU

Tiyambe ndi mbiri, pakuti woiwala pamene anapunthwa adzapunthwanso pomwepo. M'mwezi wa Januwale 1965, patangopita miyezi 3 cilandirire ufulu wodzilamulira, Mtsogoleri woyamba wa dziko lino, Dr Kenneth Kaunda, anaimirira pa msonkhano waukulu ku Chifubu mu Ndola, napempha anthu osowa nchito kuti apange makopaletivu, nalonjeza kuti Boma lidzawathandiza. Anthu anayankha ndi mtima wonse. Panabadwa makopaletivu a alimi, a omanga nyumba, a oumba njerwa ndi a oceka matabwa, ndipo pofika 1970 ciwerengero cao cinali citapitirira 1,000.

Colinga cinali cabwino, ndipo palibe amene angakane. Koma taonani mmene nchito inayendera. Magulu anali kulipidwa ndalama pa ekala iriyonse imene azulapo zitsa, motero anthu anagwetsa mitengo pa malo akulu kuposa amene akanatha kulima, popeza ndalama inali pa citsa osati pa cimanga. Mathirakitala anatumizidwa ku midzi kumene kunalibe makanika kapena zitsulo zosinthira, ndipo akaonongeka anali kukhala pansi pa mtengo kufikira atadyedwa ndi dzimbiri. Nkhongole zambiri sizinabwezedwe, ndipo magulu oculuka anafa m'zaka zocepa.

Cinasowa n'ciani? Ndalama zinalipo, mphamvu za anthu zinalipo. Cimene cinacepa ndi mau a membala. Maganizo anali kucokera kumwamba kutsikira pansi, ndipo njira yoti acokere pansi kukwera kumwamba inali yopapatiza. Thirakitala inali yatsopano ndithu, koma inali nzeru ya eni ake imene inangotulidwa pakhomo. Cinthu cotere cikadwala palibe amene adziwa mankhwala ake.

ZIMENE ALIMI ANAPHUNZITSA AKATSWIRI KU MSEKERA

Tsono tibwere kwathu kuno, pa malo ofufuzira za ulimi a Msekera pafupi ndi Chipata, tione njira ina. Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 akatswiri a Boma pamodzi ndi a bungwe la ICRAF, pakati pao Dr Freddie Kwesiga, anayamba kufufuza mitengo yobwezera conde m'nthaka. Nchito imeneyi inafika pa nthawi yake, pakuti NAMBOARD inathetsedwa m'caka ca 1989, ndipo pambuyo pa 1991 thandizo la Boma pa mtengo wa fataleza linacotsedwa, kotero kuti alimi ambiri anayamba kulima cimanga popanda kuthira kanthu.

Nzeru yake inali yotere. Makolo athu munda ukaguga anali kuugoneka zaka zambiri kuti chire libwezere mphamvu. Anthu ataculuka, malo ogoneka zaka zonsezo anasowa. Akatswiri anapeza kuti mitengo ina, monga jelejele amene iwo amucha Sesbania, ububa umene aucha Tephrosia, nyamundolo ndi gilisidiya, iri ndi timaso ku mizu yake mmene mukhala tizirombo togwira cakudya ca mbeu kucokera mu mpweya, cakudya comwe cija cimene tigula m'thumba la yureya. Mlimi akabzala jelejele motalikirana mita imodzi, naisiya zaka 2, kenaka naidula, masamba nakwirira m'nthaka ndipo mitengo natenga nkhuni, cimanga cimene abzala pamenepo cibereka kawiri kapena kuposerapo poyerekeza ndi ca m'munda wolimidwa caka ndi caka wopanda fataleza. Kaufiti nayenso amacepa.

Koma mtima wa nkhani yanga uli pa zimene zinacitika nzeruyi itatuluka pa mpanda wa Msekera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Akatswiriwo anagawa minda yoyesera m'mitundu 3. Pa mtundu woyamba katswiri ndiye anali kulinganiza zonse ndi kuyang'anira. Pa waciwiri katswiri anali kulinganiza, koma mlimi ndiye woyang'anira. Pa wacitatu mlimi anali kupatsidwa mbeu ndi malangizo, nauzidwa kuti acite monga kumkomera, ndipo katswiri anali kubwera kudzaona ndi kudzafunsa.

Minda ya alimi imeneyi ndiyo inasintha nchito yonse. Akatswiri anayamba ndi mbande zoleredwa m'timatumba ta pulasitiki, timene tifuna ndalama, ndiponso tolemera kunyamula pamodzi ndi dothi lake. Alimi anaonetsa kuti mbande za jelejele zikhoza kufesedwa pa bedi, kuzulidwa ndi mizu yake yokha, kunyamulidwa zambiri nthawi imodzi ndi kuokedwa tsiku la mvula monga ticitira ndi fodya, ndipo zimagwira. Akatswiri anali kubzala mitengo payokha. Alimi ena anati sangathe kupalira munda caka cathunthu osadyapo kanthu, nabzala mitengoyo pakati pa cimanga m'caka coyamba. Akatswiri sanawadzudzule kuti aphwanya malangizo. Anatenga njira za alimiwo, naziyesa pa Msekera, napeza kuti zithandiza, ndipo zinalowa m'malangizo opita kwa alimi ena. Kucokera pa alimi owerengeka pa zala, patapita zaka ngati 10 amene anayesa mitengoyi m'cigawo cino anali m'zikwi makumi angapo.

Panabuka bvuto lina limene katswiri kapena mlimi payekha sakanalithetsa. M'cilimwe ng'ombe ndi mbuzi zimasiyidwa kuyenda paliponse, ndipo anyamata osaka mbewa amatentha chire. Mlimi amene wasunga mitengo yake caka conse anali kuipeza itadyedwa kapena itapsa ndi lupsa. Nkhani inapita kwa mafumu akulu a Acewa ndi Angoni, ndipo iwo anaika malamulo a kadyetsedwe ka ziweto ndi a moto. Taonani tsono mmene nchito inagawidwira: katswiri anabwera ndi mbeu, mlimi anaikonza kuti iyenere munda wake, ndipo mfumu inaichinjiriza.

Sindifuna kukunamizani kuti zonse zinayenda bwino. Jelejele amagwidwa ndi tizirombo todya masamba. Mlimi wa malo ocepa sangathe kugoneka munda zaka 2. Mitengoyi sipatsa nthaka zakudya zonse zimene ziri mu D Compound. Alimi ena anayesa kamodzi naleka. Koma cifukwa njira yomvetsera inali yotseguka, zolepherazo zinabala nzeru zina. Ambiri anatembenukira ku ububa umene ungofesedwa m'munda popanda nazale ndipo ziweto siziukonda, ena ku gilisidiya amene akadulidwa amaphukanso, kotero kuti akhala m'munda umodzi ndi cimanga zaka zambiri.

NZERU YATSOPANO PA MALONDA

Wina anganene kuti zimenezi ndi za kumunda, koma ife bvuto lathu ndi msika. Tiyeni titsikire ku cigwa ca Luangwa. Kwa zaka zambiri njira yaikulu yolimbana ndi opha nyama popanda cilolezo inali kuwagwira ndi kuwatsekera m'ndende, ndipo akatuluka anali kubwerera ku misampha yao. A Dale Lewis, amene anakhala zaka zambiri m'cigwamo pa nchito yosunga nyama, pamodzi ndi anzao anafunsa funso lina: kodi munthu ameneyu achera msampha cifukwa ninji? Yankho linali njala ndi kusowa kogulitsa zokolola. M'caka ca 2003 anayambitsa kampani ya COMACO, imene igula nshawa, mpunga, soya ndi uci kwa alimi amene abvomera kupereka mfuti ndi mawaya ao ndi kulima mosamala nthaka. Zokololazo zimakonzedwa m'cigawo momwe muno, nshawa kukhala ciponde, mpunga wa ku Chama kupunthidwa ndi kulongedwa bwino, ndipo zigulitsidwa m'masitolo a m'mizinda pa dzina la It's Wild!

Nshawa n'zomwe zija zimene agogo athu anali kulima, ndipo ciponde amai athu acisinja kuyambira kale. Catsopano cinali kulumikiza zinthu zimene zinali zotayana: njala ya mlimi, moyo wa njobvu ndi thumba la wogula wa ku Lusaka. Nzeru yatsopano kawiri-kawiri sifuna makina odabwitsa. Ifuna munthu wofunsa funso limene anzake analeka kufunsa.

KULAKWA KWANGA

A Wakumpando, ndiloleni ndidziulule, kuti wina asaganize kuti ndabwera kudzaloza anzanga cala. Zaka zapitazo ndinali mlembi wa kopaletivu ina ya kwathu. Tsiku lina msonkhano uli pafupi kutha, mai wina wacitsikana, amene anali atangokwatiwa kumene m'mudzimo, anaimika dzanja. Anati popeza shedi yathu ikhala yopanda kanthu miyezi yambiri, bwanji tisonkhanitse mpendadzuwa wa mamembala, tigule makina oyengera, tizigulitsa mafuta ophikira ndipo zotsalira zake tizidyetsa nkhumba ndi nkhuku. Amuna ena anaseka. Wina anati mwana wadzulo sangaphunzitse akulu. A wakumpando anati nkhaniyo siri pa mndandanda wa zokambirana. Ine ndinali ndi colembera m'manja, ndipo sindinalembe ngakhale liu limodzi.

Patapita zaka 2 wamalonda wina wocokera ku tauni anaika makina oyengera pa mseu, ndipo mamembala athu omwe aja anayamba kumgulitsa mpendadzuwa pa mtengo wonena iye, nagulanso mafuta kwa iye yemweyo. Mai uja sanalankhulenso pa msonkhano uliwonse kufikira ine nditacoka pa udindo. Tinataya makina, koma coposa apo tinataya maganizo ena onse amene iye ndi akazi anzake akanabwera nao. Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Ife kalumoko tinakaponya kudzala.

ZOYENERA KUCITA

Tsono ndipereka mfundo 6 zimene komiti iriyonse ingayambe pa msonkhano wake wotsatira, popanda kudikira cilolezo kapena ndalama kucokera kwina.

Coyamba, pa msonkhano uliwonse pakhale nthawi ya maganizo atsopano, ndipo nthawiyo ikhale koyambirira, anthu asanatope. Oyamba kulankhula akhale acinyamata, amai ndi anchito monga woyendetsa cigayo, woyeza pa sikelo ndi mlonda wa shedi. A wakumpando alankhule potsiriza, pakuti mwa ulemu wathu wamkulu akanena maganizo ake, wamng'ono sangathe kunena zosiyana.

Caciwiri, ganizo liri lonse lilembedwe m'buku pamodzi ndi dzina la mwini wake, ndipo komiti iyankhe pa msonkhano wotsatira kuti tiyesa, kapena kuti sitiyesa pa zifukwa zakuti-zakuti. Kumvetsera kopanda yankho kumatopetsa anthu. Lamulo la za anchito la 1971 linakhazikitsa makhonsolo a anchito m'makampani okhala ndi anchito 100 kapena kuposerapo, koma pa nkhani zikulu-zikulu za cuma ca kampani makhonsolowo anali ndi ufulu wongouzidwa zimene akulu agamula. Tisabwereze zimenezo m'magulu athu. Wopereka ganizo aone kuti mau ake ali ndi mphamvu yosintha kanthu.

Cacitatu, yesani pang'ono. Acikulire akumbukira nchito ya Lima ya m'zaka za m'ma 1980, imene inatiphunzitsa kupima munda wa mamita 50 m'litali ndi 50 m'lifupi, ndiko kuti gawo limodzi mwa magawo 4 a hekitala. Kopaletivu iriyonse ipatule lima imodzi yoyeserapo mbeu kapena kalimidwe katsopano, ndipo pa K100 iriyonse ya phindu ipatule K5 ya nchito zoyesera. Mukafuna kuyenga mafuta, yambani ndi matumba ocepa pa makina obwereka musanatenge nkhongole yogulira anu. Cikalephereka pa lima imodzi mudzi sugona ndi njala. Wakuya kwa mtsinje amayesa ndi ndodo asanalowetse mwendo.

Cacinai, pimani ndi kulemba. Gawani lima yoyeserayo pakati, mbali ina njira yakale, mbali ina yatsopano, mbeu imodzi, tsiku lobzala limodzi, ndipo pokolola muyeze ndi cigoba cimodzi pamaso pa mamembala. Lembaninso masiku a nchito ndi ndalama zimene zalowa, cifukwa njira yobereketsa kwambiri ikhoza kukhala yolemetsa amai pa kupalira. Kupima kudzakuchinjirizaninso kwa amalonda onyenga amene amabwera ndi mbeu zopakidwa utoto ndi mankhwala osadziwika, pakuti si cinthu ciri conse catsopano cimene ciri cabwino.

Cacisanu, siyanitsani kulephera ndi kuba. Amene wadya ndalama za gulu aweruzidwe monga mwa malamulo. Koma amene wayesa cinthu cimene komiti inabvomereza, nalemba zonse moona, ndipo cakanika, ameneyo athokozedwe pamaso pa anthu, cifukwa wagulira gulu lonse nzeru pa mtengo wocepa. Mukamseka, dziwani kuti mwatseka pakamwa anthu 10 amene anali kuyang'ana.

Cacisanu ndi cimodzi, chinjirizani wopambana. Pano ndilankhula makamaka kwa inu mafumu ndi nyakwawa. Tidziwa kuti m'midzi yathu munthu akakolola kuposa anzake, pamamveka manong'onong'o akuti watenga cimanga ca eni ake ndi mankhwala. Nsanje yotere yacititsa alimi anzeru kubisa njira zao, ndipo ena kusamuka. Wina akabwera ndi mlandu wotere, itanani mudzi wonse ku munda wa munthuyo, afotokoze mmene anacitira, ndipo mlangizi wa zaulimi akhalepo. Dzina lake lichulidwe pa msonkhano wa pa caka, ndipo ngati nzeru yake yabweretsa phindu ku gulu, alandireko gawo. Tumizaninso mamembala awiri kapena atatu, pakati pao mai ndi wacinyamata, kukaona zimene magulu a m'maboma ena acita, pakuti mlimi amakhulupirira msanga zimene waona m'munda wa mlimi mnzake.

MAU OTSIRIZA

Abale ndi alongo, mfundo zimenezi zidzabvuta ife atsogoleri koposa mamembala, cifukwa zifuna kuti wakumpando abvomere pamaso pa anthu kuti mnyamata wa pa cigayo adziwa cinthu cimene iye sadziwa. Ena adzaopa kuti ulemu wao ucepa. Kumbukirani akatswiri a ku Msekera, anthu ophunzira kufika pa udokotala, amene anakhala pansi m'mizere ya cimanga kumvetsera alimi, ena a iwo osatha kulemba dzina lao. Ulemu wao sunacepe, ndipo mitengo imene anabzala pamodzi ndi alimiwo iri kuphukabe m'minda ya Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi.

Mutu umodzi susenza denga. Mukabwerera kwanu, itanani msonkhano mwezi uno usanathe, gulani buku la maganizo, ndipo mupime lima yoyesera mvula isanagwe. Pamene tidzakumananso sindidzafunsa kuti munalandira matumba angati a fataleza. Ndidzapempha mlembi aliyense kuti atsegule buku lake, atiwerengere cimene gulu lake linayesa, dzina la amene anabwera ndi ganizolo, ndi zimene zinatulukapo, zabwino kapena zoipa. Ndipo ngati m'mudzi mwanu muli mai amene munamseka monga ife tinacitira, pitani kwa iye poyamba, mumpepese, ndi kumfunsa ngati ali nalo ganizo lina.